Fungo la m'nkhalango ya kuseri kwa mahositelo

Alembi athu andichenjeza kuti ndisapyole mphindi khumi, ndipo poti ndine wa m'boma, kumvera ndinazolowera.

Ambiri a inu mukuikumbukira nkhalango ya bulugamu ndi paini imene inali kuseri kwa mahositelo, kumene tinkabisala ndi makope athu mayeso a Fomu 4 akayandikira. Ine chimene sindiiwala ndi fungo lake, makamaka dzuwa likawomba mvula itangokata. Ndinadzamva ndili ku yunivesite kuti fungo limeneli lili ndi ntchito yake. Mtengo sungathawe mdani, choncho umatulutsa mankhwala ouluka ndi mpweya amene amalimbana ndi tizilombo ndi nkhungu. Katswiri wa ku Russia, Boris Tokin, ndiye anawatcha phytoncides mu 1928. Mu paini muli alpha-pinene, mu bulugamu muli eucalyptol, uja amatsegula mphuno tikamafungatira masamba ake pa chimfine. Mkungudza wa ku Mulanje nawo chiswe chimauopa, ndipo bokosi lake limanunkhirabe ngakhale patapita zaka.

Amene anaitenga nkhaniyi mozama ndi anzathu a ku Japan. Mu 1982 nthambi yawo yoona za nkhalango inayamba kulimbikitsa anthu a m'mizinda kuchita chimene amati shinrin-yoku, ndiye kuti kusamba m'nkhalango. Musaganize za ndowa ndi sopo ayi. Ndi kungoyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo uku ukupuma mpweya wake. Pambuyo pake Dr Qing Li wa ku Nippon Medical School ku Tokyo anatenga amuna 12 kukakhala masiku atatu m'nkhalango za ku Nagano. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2007, zinaonetsa kuti asilikali ena a m'magazi, otchedwa NK, anali atawonjezera mphamvu mwa pafupifupi onsewo.

Tsono apa ndikupempheni kuti tisathamange. Anthu 12 ndi ochepa zedi. Komanso munthu amene wasiya mafayilo ndi bwana wake kwa masiku atatu, nayenda ndi kugona bwino, thupi lake lidzasintha ndithu, ndipo nkovuta kunena kuti mbali ya fungo ndi iti. Tinaziona nthawi ya Covid-19 pamene ena ankakhulupirira kuti nthunzi ya bulugamu imapha kachilombo. Imatsegula mphuno basi. Inu a BP, musakataye mapiritsi chifukwa cha mawu anga lero. Ine ndimangodziwa kuti ndikakwera phiri la Zomba Loweruka, ndimatsika mutu utapepuka, ndipo ulendowo ndi wotsika mtengo kuposa botolo.

Mwezi watha ndinadutsa pano ndi kuzungulira kuseri kwa mahositelo. Ndinapeza zitsa zokhazokha, mitengo inathera kukhitchini kuphikira nyemba. Sindikuloza chala munthu, ana ayenera kudya. Koma nditafunsa mnyamata wina wa Fomu 3 kumene amawerengera kukatentha, anandilozera khonde la kalasi.

Choncho ndikupempha bungwe lathu kuti mvula ikayamba mu Disembala tidzabzalenso malo aja, paini pamodzi ndi mitengo yachilengedwe monga mbawa, ndipo ya nkhuni ikhale ndi malo akeake. Mbande 100 zoyambirira ndigula ndine. Amene mukufuna kuwonjezera muonane ndi asungichuma tisanapite kukadya.