KUSANKHA MIKISA YA NYIMBO: YATSOPANO KAPENA YOGWIRAPO KALE NTCHITO

Nkhani yathu madzulo ano yachokera kwa Msakambewa, m'boma la Dowa, kumene ndinakacheza kwa mphwanga fodya atagulitsidwa ku Kanengo. Mnyamatayu anapatula ndalama zina nagula mikisa, chipangizo chimene woimbitsa nyimbo amalumikizira nyimbo ziwiri kuti ovina asaime pamene imodzi ikutha. Anaigula kwa munthu wina ku Lilongwe, yogwirapo kale ntchito, ndipo atangoilumikiza ku magetsi inafuka utsi. Titaitembenuza tinapeza kuti pansi pake panalembedwa 120 volts. Inapangidwira anthu a ku America, pamene magetsi athu kuno, a ESCOM ngakhalenso a inveta ya sola, ndi a 230 volts. Ndalama za belo lathunthu zinathera mu utsi umenewo.

Tsono musanafunse mtengo, werengani zolembedwa pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Mukaona 100-240 volts, kapena 220-240 volts, mtima ukhale pansi.

Dziwaninso kuti mamikisa ambiri ogulitsidwa m'masitolo athu ndi a m'tchalitchi ndi a pamsonkhano, okhala ndi malo ambiri a maikolofoni. Mikisa ya DJ imadziwika ndi zinthu ziwiri: kachitsulo kotsetsereka cham'mbali kotchedwa crossfader, kochotsera mawu pa nyimbo ina kunka pa inzake, ndi malo a mahedifoni omvetserera nyimbo yotsatira anthu asanaimve. Payokha siiyendetsa masipika. Imafuna ampulifaya, kapena masipika okhala ndi ampulifaya m'kati. Pakhomo, ya matchanelo awiri, monga DJM-250MK2 ya Pioneer DJ, njokwanira. Ya matchanelo anayi nkungotaya ndalama ngati muli ndi foni ndi kompyuta zokha.

Alipo ena mwa inu amene mukusungabe mbale za nyimbo zimene atate anu anabwera nazo kuchokera ku Johannesburg m'masiku a Wenela. Inu muyang'ane kumbuyo kwa mikisa ngati kuli malo olembedwa PHONO, ndi kanati komangirira waya wothetsa kulira kwa magetsi. Mawu ochokera ku singano ya galamafoni ndi ofooka kwambiri, ndipo malo amenewa ndiwo amawakuza. Foni ndi kompyuta zimalowa pa LINE; mukaziika pa PHONO mawu amasweka.

Nanga yogwirapo kale ntchito tiikane? Iyayi. Ine ndingasankhe yakale ya kampani yodziwika kusiyana ndi yonyezimira yopanda dzina, malinga ndaiyesa ndekha. Pitani ndi foni yanu, chingwe ndi mahedifoni anu. Yesani tchanelo iliyonse payokha, khutu lamanzere ndi lamanja lomwe. Yendetsani tizitsulo tonse pang'onopang'ono, potozaninso timabatani tonse, mukumvetsera. Kuthetheka ndiye kuti m'kati mwalowa fumbi kapena mwaperepeseka. Kenaka kankhirani crossfader kumapeto kwenikweni: nyimbo ya mbali inayo izime ndithu. Ikamamvekabe chapansipansi, kachitsuloko katha, ndipo funsani ngati kamasinthika, chifukwa pa mamikisa ena nkosavuta kusintha pamene pa ena mpaka mmisiri wowotcherera. Ilekeni iyake kwa mphindi makumi awiri, popeza matenda ena amaoneka chipangizo chikatentha. Onaninso misomali yake ngati inamasulidwapo. Wogulitsa akakana kuti muiyatse, tsanzikani.

Komabe kwa munthu wa kwa Msakambewa, kapena wa kumapiri a Ntchisi, pali china choti aganizire. Mmisiri wodziwa zipangizozi kawirikawiri ali ku Lilongwe, ndipo ulendo uliwonse ndi tsiku lathunthu ndi ndalama za galimoto. Ngati kusiyana kwa mtengo nkochepa, yatsopano yokhala ndi lisiti ndi chikalata cha galanti idzakupumitsani maulendo amenewo.

Mukafika nayo kunyumba, muziifunditsa nsalu, makamaka m'chilimwe pamene fumbi limalowa paliponse. Magetsi akazima, zulani pulagi, pakuti nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera. Mphwanga uja wati adzagula ina fodya wa chaka chamawa akagulitsidwa, ndipo wandipempha kuti tidzapite tonse.