Usilikali wa Loweruka ndi Lamulungu ku America: Zomwe Makolo Ayenera Kudziwa

M'miphakati mwathu muli mabanja amene ana awo akukhala ku America. Ena mwa anawa, makamaka amene ali ndi chikalata chokhalira m'dzikolo chotchedwa green card, amaimba foni kunena kuti akufuna kulowa usilikali "wa mwa apo ndi apo." Amati ndi Loweruka ndi Lamulungu limodzi basi pa mwezi, ndalama nkumalowa. Makolo amavomera asakudziwa chomwe akuvomereza. Lero tiyeni tione bwino nkhani imeneyi kuti mwana akadzafunsa maganizo athu tidzakhale ndi choyankha.

Kupatula asilikali okhala kukampu chaka chonse, dziko la America lili ndi magulu asanu ndi awiri a asilikali ongoyembekezera kuitanidwa. Odziwika kwambiri ndi Army Reserve ndi Army National Guard. Anthuwa amakhala kunyumba kwawo, amagwira ntchito zawo kapena kuphunzira sukulu, koma dzina lawo lili m'kaundula wa asilikali. A Army Reserve amalamulidwa ndi boma lalikulu la ku Washington. A National Guard ali pansi pa bwanamkubwa wa chigawo chawo, monga Texas kapena Indiana, komabe pulezidenti ali ndi mphamvu yowatenga akawafuna.

Choyamba chimene mwana wanu ayenera kudziwa nchakuti zosonkhana kamodzi pa mwezi zija siziyamba pomwepo ai. Woyamba kumene amachoka pakhomo kupita ku maphunziro a usilikali, omwe ku gulu la Army amatenga masabata pafupifupi 10, ndipo akatha amapitanso kokaphunzira ntchito imene adzagwire, kaya ndi yoyendetsa galimoto, yachipatala kapena yokonza makina. Miyezi imeneyi ntchito ndi sukulu zimayamba zaima.

Akabwerako ndiye pamayamba moyo wa mwezi ndi mwezi. Loweruka m'mamawa amafika atavala yunifolomu, kuima pa perete ndi kuitanidwa maina. Tsiku lina ndi lothamanga ndi kuyesedwa mphamvu, lina ndi lokawombera mfuti. Koma tisanamizane, nthawi yambiri imathera pa kupukuta zida, kuyendera magalimoto, kumvera maphunziro m'kalasi, kudzaza mapepala, kuyezedwa ndi adokotala ndiponso kungodikira. Achinyamata amene anaona usilikali m'mafilimu amakhumudwa. Pamwamba pa izi, chaka chilichonse amachoka kwa masabata awiri kukachita maphunziro aakulu. Popeza tsiku lachiwiri limagwa Lamulungu, mkhristu afunse msanga za Misa. M'gulu la asilikali muli ansembe, ndipo kuyambira 1985 Akatolika a kumeneko ali ndi Arkidayosizi yawoyawo ya asilikali, koma ansembewo ndi ochepa ndipo sapezeka pa kampu iliyonse.

Tsopano tibwere pa ndalama, pakuti mpamene pagona chikoka chonse. Nthawi yosonkhana imagawidwa m'zigawo za maola osachepera anayi, ndipo chigawo chilichonse amachiwerengera ngati tsiku lathunthu la malipiro. Loweruka muli zigawo ziwiri, Lamulungu ziwiri. Choncho munthu amagwira masiku awiri nkulandira za masiku anayi. Kuti apeze ndalama ya tsiku limodzi, amatenga malipiro a pamwezi a msilikali wa kukampu wa udindo womwewo nkuwagawa ndi 30.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'chaka cha 2024 msilikali wotsikitsitsa, amene amamutcha E-1, atagwira miyezi inayi ankalandira $2,017.20 pa mwezi. Tikagawa ndi 30 tikupeza $67.24. Kuchulukitsa kanayi ndi $268.96. Imeneyi ndiyo inali ndalama ya mwezi wathunthu kwa msilikali wa Loweruka ndi Lamulungu. Mu 2025 malipiro a asilikali a maudindo apansi anakwezedwa ndi 14.5 peresenti, motero ndalamayo inapitirira pang'ono $300. Imakweranso munthu akakwezedwa udindo ndi akachulukitsa zaka.

Tikaisintha m'makwacha ikumveka yambiri. Koma ndalamayi idyedwera ku America, komwe lendi ya kanyumba kakang'ono m'mizinda yambiri imapitirira $1,000 pa mwezi. Ndiponso siifika yonse m'manja. Boma limadulapo msonkho. Amadulanso inshulansi ya moyo, imene mu 2024 inali $31 pa mwezi kwa amene anasankha chipukuta misozi chokwana $500,000. Akafuna inshulansi ya chipatala ya asilikali amalipira payekha. Kawirikawiri mafuta opitira kukampu ndi a m'thumba mwake, ndipo pa masiku awiriwa salandira ndalama ya nyumba imene anzake a kukampu amalandira. Nchifukwa chake tikupempha makolo: musayambe kuumba njerwa podalira ndalama imeneyi. Ndi yothandizira chabe, siingasunge banja kuno ndi uko.

Phindu lenileni lili pena. Ambiri amalowa chifukwa cha thandizo la fizi ya kukoleji ndi inshulansi ya chipatala yotsika mtengo. Palinso penshoni, koma njira yake ndi yaitali. Chigawo chilichonse cha maola anayi chimapatsa mfundo imodzi, tsiku lililonse la maphunziro apachaka imodzi, ndipo 15 amapatsidwa chifukwa chongokhala m'gulu. Chaka chimawerengedwa ngati munthu wapeza mfundo 50. Pamafunika zaka 20 zotere, ndipo ndalamayo kawirikawiri imayamba kubwera munthu akafika zaka 60.

Nanga ntchito yake ya masiku onse? Lamulo la 1994 lotchedwa USERRA limaletsa bwana kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha usilikali, ndipo limati akabwerako abwezeredwe pa malo ake. Koma silikakamiza bwanayo kumulipira masiku amene kulibe. Wogwira ntchito yolipidwa pa ola, monga ambiri a ana athu osamalira okalamba, angathe kutaya ndalama yoposa imene walandira.

Tifike pa mfundo yolemera kuposa zonse. Wosaina amadzimanga kwa zaka zisanu ndi zitatu. Ambiri amasonkhana mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ziwiri zotsalazo amangokhala m'kaundula. Si ganyu woti ukatopa ungosiya khasu. Ku Army, wojomba zigawo zisanu ndi zinayi pa chaka popanda chilolezo amatengedwa kuti walephera, ndipo akhoza kuchotsedwa ndi mbiri yoipa nkuuzidwa kubweza ndalama imene anapatsidwa polowa.

Ndipo boma likaitana, amapita. A National Guard anathandiza pa mphepo yamkuntho ya Katrina mu 2005 ndi pa mliri wa Covid mu 2020. Chiyambire 2001 asilikali oterewa ambirimbiri anatumizidwa ku Afghanistan ndi ku Iraq, ena kwa chaka chathunthu. Mu Januwale 2024 asilikali atatu a Army Reserve a gulu la ku Georgia anaphedwa pa kampu ya Tower 22 ku Jordan. Nthawi zina amatumizidwa kukalimbana ndi anthu a m'dziko lawo lomwe: pa 4 Meyi 1970 a National Guard anawombera ndi kupha ophunzira anayi pa yunivesite ya Kent State ku Ohio. Mpingo umalemekeza ntchito yoteteza dziko, koma umaphunzitsanso kuti kulamulidwa sikuchotsa mlandu kwa wochita choipa.

Tsono mwana akaimba, musafulumire kuletsa kapena kuvomera. Mufunseni gulu limene akulowa, ntchito imene amulembera, zaka zimene akusaina ndi mtunda wa kukampu. Makamaka mufunseni ngati zimene wolemba asilikali wamulonjeza pakamwa zalembedwa m'pangano. Ngati ali pabanja, afunsidwenso mkazi kapena mwamuna wake, pakuti ndiye adzatsale ndi ana.