Mukachepetsa Nsima, Muonenso Mlingo wa Insulini

 Tasonkhana muno m'Chawama lero pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga.

Tsikuli ndi limene anabadwa Frederick Banting, dokotala amene mu 1921, ku Toronto, anapeza insulini pamodzi ndi Charles Best. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, ndiye anayamba kubayidwa mankhwalawa, ndipo anapulumuka. Insulini isanabwere, madokotala ankangowamana chakudya ana odwala shuga. Anawo ankaonda mpaka kutsala mafupa okhaokha, komabe ankamwalira. Ndayambira kutaliko chifukwa masiku ano pa WhatsApp pakuyenda uthenga wakuti ukasiya nsima, shuga yatha.

Akulu anga a ku Matero, amene amabaya insulini, anaumva uthengawo. Analeka nsima, buledi ndi tiyi wa shuga nthawi imodzi, nayamba kudya mazira ndi lepu basi. Koma nyeleti ankabayabe mlingo womwe uja. Tsiku lachitatu anagwa pamsika, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mawu osamveka. Anthu anawazungulira akuseka, ati mdala wakhuta kachasu m'mawa uno. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato amene mwamuna wake amadwalanso shuga: anawamwetsa madzi a shuga asanakomoke. Mpaka lero ndikamakumbukira kuseka kuja mtima umandiwawa.

Kuchepetsa nsima si kulakwa ayi. Nsima, mpunga, buledi, kandolo, vitumbuwa ndi maheu zikalowa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo insulini ndiyo imachotsa shugayo m'magazi kupita nayo m'thupi. Mlingo umene munapatsidwa kuchipatala anauyeza molingana ndi mbale yanu. Mbale ikachepa mlingo n'kukhala womwewo, insulini imachuluka, shuga imatsika kupyola muyeso, ndipo munthu angathe kufa tsiku lomwelo.

Ambiri muno mumabaya Mixtard, insulini yosakaniza ija: magawo 30 ogwira msanga, magawo 70 ogwira pang'onopang'ono. Mukabaya m'mawa, imagwirabe ntchito masana onse, kaya mwadya kaya simunadye. Yalowa yalowa, simungaitulutse. Ndiye musanasinthe kadyedwe, pitani kaye ku kiliniki kapena kuchipatala cha Chawama, cha Kanyama kapena cha Matero, mukanene kuti, "Asisita, ndikufuna kuchepetsa nsima." Chepetsani pang'onopang'ono, muziyeza shuga, muzilemba m'kabuku, iwo azisintha mlingo poona manambalawo. Mbale mudzaze ndi chibwabwa, kalembula, bondwe, impwa, kapenta, nyemba, masamba otendera. Ufa wa roller ndi wabwinopo kuposa wa breakfast chifukwa uli ndi gaga, komabe ndi nsima ndithu, ntanda ziwiri ndi ntanda ziwiri.

Pali china chimene sitichinena poyera. M'komboni ambiri sachepetsa nsima mwa kufuna kwawo. Mwezi ukafika pakati, nyumba yonse imadalira kapamela kamodzi ka ufa, ndipo mayi amasiyira ana gawo lake atabaya kale nyeleti. Amayi anga, musachite manyazi kuuza namwino kuti kunyumba mumadya kamodzi patsiku. Ndipo inu anamwino, funsani funsolo mofatsa, chitseko chili chotseka.

Mukayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kugunda, kapena makina oyezera shuga akaonetsa nambala yosafika pa 4, shuga yatsika: sungunulani masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, mumwe. Pakatha mphindi 15 yezaninso, ndipo mukapeza bwino idyani chakudya. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, muthamange naye kuchipatala. Muzisunga maswiti m'thumba, ndipo anzanu a pamsika ndi a kutchalitchi adziwe za matenda anu.

Makolo a ana odwala shuga ya mtundu woyamba, ndikupempheni mwapadera. Thupi la mwana wanu silipanga insulini. Ngakhale atadya ndiwo zokhazokha, ngakhale akudwala malungo osadya kanthu, nyeleti musasiye. Mukasiya, magazi ake amadzaza ndi asidi, amayamba kusanza ndi kupuma mozama, ndipo ndi ulendo wa ku chipatala chachikulu cha UTH usiku. Mwana amafunanso chakudya chokwanira kuti akule, choncho musamumane nsima popanda dokotala.

Magetsi tonse tinaona mmene anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Opanda fuliji, ikani kabotolo ka insulini m'kachitini kotseka bwino, mukwirire mumchenga wonyowa mumtsuko, pamthunzi. Okhala ndi fuliji, musaike insulini muja mouma madzi, imawonongeka.

A khansala, pempho langa kwa inu ndi timapepala toyezera shuga. Zonse ndanenazi zimafuna kuyeza, koma timapepalato n'todula, ndipo ambiri muno amabaya mongoganizira. Mukalinyamule pempholi, mukalitule kwa akuluakulu a zaumoyo ndi a bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA.

Anamwino ali patebulo kumbuyoko. Aliyense ayezetse asanapite, ndipo ine ndiyamba.