Yeremiya pa Chipata cha Nyumba ya Mulungu



Mfumu Yosiya itafera ku nkhondo ya ku Megido m'chaka cha 609 Kristu asanabadwe, mafano amene idaphwanya sadachedwe kubwerera m'dziko la Yuda. Poyamba pa ufumu wa Yehoyakimu, mwana wake, Mulungu adatuma mprofeti Yeremiya kukaima pa chipata cha Nyumba yake ku Yerusalemu, kuti adzudzule anthu olowa kukapembedza.

Anthuwo sadaleke kupemphera ai. Nsembe zinkaperekedwa ndithu. Koma omwewo ankafukizanso lubani kwa Baala, namapondereza amasiye ndi alendo, pambuyo pake nkuthamangira m'Nyumba ija, ati tsoka silingawapeze m'menemo. Ngakhale m'mabanja chipembedzo chonamachi chidaazika mizu: ana ankatola nkhuni, abambo nkusonkha moto, amai nkumakanda ufa wa timikate ta fano lotchedwa mfumukazi yakumwamba. Ndipo ku Tofeti, m'chigwa cha Hinomu, ena ankatentha ana awo omwe pa moto.

Yeremiya adawakumbutsa za Silo, kumene Bokosi la Chipangano lidaakhala kale, koma pa nthawiyo kunali bwinja. Adati akapanda kutembenuka mtima, Mulungu adzachita zomwezo ndi Nyumba ya ku Yerusalemu. Nchomvetsa chisoni kuti oyamba kufuula kuti aphedwe anali ansembe ndi aprofeti anzake. Akuluakulu ena adamtchinjiriza pokumbutsa kuti mprofeti Mika adaaneneratu zotero m'masiku a mfumu Hezekiya, osaphedwa. Uriya, amene adalalika mau onga omwewo, sadapulumuke: adakamgwira ku Ejipito kumene adaathawira, mfumu nimupha ndi lupanga.

Mulungu adalezabe mtima zaka zopitirira 20. Koma m'chaka cha 587 ankhondo a Nebukadinezara adagumula malinga a mzinda, natentha Nyumba ija, natenga anthu ukapolo kunka nawo ku Babiloni.

Kodi otsala adachenjera? Iai. Ena adathawira ku Ejipito, namtenga Yeremiya mokakamiza. Kumeneko adamuuza maso ndi maso kuti mavuto adawagwera chifukwa choleka kupereka nsembe kwa mfumukazi yakumwamba ija, nchifukwa chake sadzaisiyanso. Mprofeti wokalambayo adawayankha kuti lupanga ndi njala zidzawatha konko, ndipo obwerera ku Yuda adzakhala owerengeka chabe.