Dotolo wa mafupa timamuyesa ndi chiyani?

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za maphunziro a madotolo a mafupa, poti ndinagwira unamwino zaka zambiri m'chipinda cha anthu othyoka.

Ndiyambe ndi za kwathu. Mdzukulu wanga anagwa pa mota nathyoka ntchafu. Anagona pabedi masabata 6, mwendo atauyimika ndi cholemera. Lero akuyenda, inde, koma motsimphina chifukwa mwendowo unafupika. Nchifukwa chake ndimafunsa: amene akuphunzira kulumikiza mafupa athu, tidziwa bwanji kuti waphunzitsidwa bwino?

Dotolo akamaliza sukulu ya udokotala amalowanso maphunziro a ukatswiri pachipatala chachikulu, monga Hospital Central de Maputo. Palinso COSECSA, bungwe la madotolo a opaleshoni la kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, lomwe linayamba mu 1999, ndipo Mozambique ali momwemo. Kumeneko wophunzira amatha zaka 2 pa maziko a opaleshoni, kenako zaka 3 pa mafupa.

Ine miyeso yanga ndi itatu. Woyamba ndi buku limene wophunzira amalembamo opaleshoni iliyonse: kodi anangoonerera, anathandiza, kapena anagwira yekha mpeni mphunzitsi ali pambali? Mayeso a papepala ndi abwino, koma khasu sitiphunzira poyang'ana wina akulima.

Wachiwiri ndi wodwala mwiniwake. Bala linachita mafinya kodi? Fupa linagwirana mowongoka? Munthuyo wabwerera kumunda?

Wachitatu ndi uwu: akamaliza, akakhala kuti? Apa dziko lathu lili ndi phunziro. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia chifukwa madotolo anali ochepa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti patapita zaka 7, pafupifupi 9 mwa ma técnico 10 alionse anali akadali m'zipatala za m'madisitiritu, pamene madotolo anali atachokamo pafupifupi onse. Anzathu a ku Malawi nawonso anayamba mu 1985 kuphunzitsa ma clinical officer a mafupa kwa miyezi 18. Choncho maphunziro abwino a katswiri ayenera kumuphunzitsanso kuyendera ndi kuthandiza anthu ngati amenewa, chifukwa ndi amene timawapeza ife tikathyoka kuno.

Nanga ife omvera mbali yathu ndi iti? Fupa likatulukira kunja, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, musayambire kwa asing'anga. Akakuikani chikhakha, chija ena timati gesso, zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, bwererani msangamsanga osadikira kuti kuche. Mwana akabadwa ndi mapazi opindika, mutengereni akadali wakhanda, chifukwa njira ya Ponseti imawongola ndi zikhakha popanda opaleshoni yaikulu.

Chomaliza, tsiku la consulta musalijombe ngakhale mukumva bwino. Ife a mdzukulu uja tinajomba kawiri poopa ndalama ya ulendo, ndipo ndimadandaula mpaka lero. Mukapanda kubwerera, dotolo sadziwa ngati ntchito yake inayenda, ndipo aphunzitsi ake alibe poyesera.

Kambiranani zimenezi m'magulu mwanu, mafunso mupereke kwa mlembi kuti akafike ku wailesi.