Tinalakwa kuseka pa sewero la khansa lija?

Ndilankhula m'Chichewa, pomwe pavute achimwene awa amasulira m'Chisukwa.

Chichitireni achinyamata athu sewero lija pabwalo pano, nkhani yake sinazizire. Mukumukumbuka mayi wa m'seweromo, wodwala khansa ya khomo la chiberekero, amene ankauza apongozi ake kuti asafulumire kumulira poti khofi wake sanathyole? Bwalo lonse linafa nalo phwete. Koma pobwerera ena munadandaula. Agogo ena anandiimitsa panjira, amvekere matenda otengera anthu kumanda si oseweretsa. Abambo ena oferedwa anachoka sewero lisanathe, ndipo ine sindingawanene kanthu. Amayi angapo anati ayi, kuseka kuja n'kumene kunawamasula pakamwa, chifukwa mawu akuti khomo la chiberekero anali asanatchulidwepo pamaso pa amfumu.

Nthabwala za matenda sizinayambire ku Misuku. Ku America, kuyambira 2010 mpaka 2013, pa wailesi ya kanema pankaonetsedwa sewero loseketsa lotchedwa The Big C, la mphunzitsi wamkazi amene anamupeza ndi khansa ya pakhungu itafika kale patali. Kwathu kuno Izeki ndi Jakobo ankatiseketsa uku akutiphunzitsa, ndipo sewero la Tikuferanji linkakamba za Edzi anthu akuchitabe manyazi kuitchula.

Ine maganizo anga ndi awa: tiziona kuti akusekedwa ndani. M'sewero lija nthabwala ankaziyamba ndi wodwala mwini wake, ndipo amene tinamuseka kwambiri ndi mwamuna uja wogulitsa mbuzi zonse kukalipira asing'anga, ati mkazi wake analodzedwa. Kuseka koipa ndi kuja kwa pamjigo, mayi wodwala akangotembenuka ena n'kugwira mphuno. Kumeneko n'kumene kumachititsa amayi kubisa matenda mpaka atalephera kudzuka.

Tsono mvetsetsani, amayi. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene timapatsirana pogonana, ndipo abambonso amakanyamula osadziwa. Kamakhala zaka zambiri kakuwononga mwakachetechete, inu mukulima, mukusenza nthochi, osamva kupweteka paliponse. Malawi ali m'gulu la mayiko amene amayi akufa kwambiri ndi khansa imeneyi padziko lonse. Mukaona magazi pomwe simuli kumwezi, magazi mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosatha, musadikire.

Koma ndikufuna mupite musanaone chilichonse. Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 aziyezetsa, makamaka amene ali pa ma ARV, poti kwa iwo matendawa amathamanga. Kuyeza kwake sikutenga nthawi. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira pang'ono. Pakaoneka malo oyera, ndiye kuti khansa ikufuna kuyamba, ndipo nthawi zambiri amathana napo ndi kachipangizo kotenthetsa, inu n'kubwerera kwanu. Kuchipatala cha boma salipiritsa. Khansayo ikakula ndi nkhani ina: kuchoka pano kupita ku Chitipa, kenako ku Mzuzu, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndalama ya khofi ya chaka chonse imathera m'thiransipoti, ndipo msewu wa ku Kapoka mvula ikagwa mukuudziwa nokha.

Atsikana athu ali ndi mwayi umene amayi awo analibe. Kuyambira 2019 boma likupereka katemera wa HPV kwa atsikana kuyambira zaka 9. Zoti amatseka kubereka ndi bodza, musawabise ana.

Abambo, musamangogwedeza mutu ngati nkhaniyi ndi ya amayi okha, poti khansa zina zimagwiranso inu. Nsima ikayamba kukakamira pakhosi mpaka mukuchita kutsitsira ndi madzi, kapena m'miyendo mukatuluka zigamba zakuda, kaonaneni ndi adokotala.

Amene akudwala kale, mankhwala oletsa ululu alipo, kuphatikizapo mofini wakumwa. Muziwayendera, muziwauza za kumunda ndi za kutchalitchi. Akayamba okha nthabwala sekani nawo. Akakhala chete, musayambe ndinu.

Tikabalalika pano, amayi ofuna kuyezetsa mundipeze ndilembe mayina, ndipo tsiku lopita musaiwale kabuku ka kuchipatala. Abambo, aperekezeni mvula isanayambe.