Makina Otsuka Magazi ndi Kulema kwa Wodwala



Lero ndilankhula za abale athu amene impso zao zinaleka kugwira nchito. Ena a iwo asiya minda yao ya nshawa nakakhala kufupi ndi cipatala cacikuru, monga University Teaching Hospital ku Lusaka, kuti makina azitsuka magazi ao katatu pa mlungu.

Nanga bwanji munthu wotsukidwa magazi alemabe, ndipo minofu ya miyendo imkokana? Cifukwa cimodzi ndi ici. M'thupi muli kanthu kochedwa carnitine, kamene anthu ophunzira anakapeza m'nyama m'caka ca 1905. Nchito yace ndiyo kutengera mafuta kumene akapsa nasanduka mphamvu, monga ngolo zotengera malasha ku ng'anjo. Ciwindi ndi impso ndizo zikapanga, ndipo impso yamoyo siilola kuti kataike. Makina alibe nzeru yotere. Popeza kanthuka nkakang'ono, katuruka pamodzi ndi zoipa. Pa kutsuka kumodzi kokha, koposa theka la kamene kali m'magazi kacoka. Pakapita zaka, minofu nayo iyamba kusowa.

Tsono musamnenere ulesi mbale wanuyo, kapena kumkakamiza nyama yambiri dotolo asanalole. Dotolo akhoza kuyeza magazi. Alipo mankhwala obaya mu mtsempha, levocarnitine, amene ku America anawavomereza m'caka ca 1999, ngakhale madotolo akali kutsutsana ngati athandiza odwala onse.